Msana wa Pelletier

Yesenia anali akadali poyesedwa pa ntchito yoyendera makhadi m'mabasi, ndipo woti amusainire mawa lake kuti walembedwa anali Pelletier, chimunthu chonunkha fodya ndi khofi wozizira. Ankamunyansa bamboyu, osati pang'ono.

Pelletier anali ndi kachitidwe kake. Basi ikaima, ankatsamira kamakina ka pakhomo la kumbuyo, komwe okwera amagunditsapo khadi, n'kukaphimba ndi chijasi chake, maso ali pafoni ngati munthu wosalakwa.

Pa siteji ya kuchipatala panakwera mayi wina akukankha kangolo ka mwana, chipale chofewa chili mbuu m'mapewa, khadi ataliluma kumano.

"Pepani bambo, ndigunditseko," anatero atalichotsa pakamwa.

Pelletier sanasunthe. Mayiyo anabwerezanso, koma chitseko chinatsekeka, basi n'kunyamuka. Apo mpamene chimunthucho chinatembenuka, ulemu uli tho.

"Tione nawo khadi, mayi."

Analiyeza pa makina ake a m'manja, nyali n'kuyaka yofiira.

"Simunalipire. Ndi chindapusa chimenechi."

"Inu ndi amene munatseka pamenepo. Ndakupemphani kawiri, mtsikanayu wamva."

Basi yonse inayang'ana Yesenia. Pelletier anamupatsira makina olembera chindapusa, akumwetulira ndi mano ake achikasuwo.

"Wamva chiyani iwe, mwana wasukulu? Lemba tizipita. Mawa sikutali."

 Yesenia chilungamo ankachidziwa, koma ankadziwanso miyezi yomwe anatha nsapato posaka ntchito imeneyi. Ukapeza anzako akukazinga maso, nawe kazinga ako, anadziuza choncho, ndipo mwambiwo unamunyansa kuposa fodya wa Pelletier.

"Dzina lanu, mayi," anatero, maso ali pansi.

Mayiyo anatchula dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ngati akuphunzitsa mwana. Atalandira kapepala ka chindapusako sanatukwane. Anangotambasula dzanja kudutsa pamimba pa Pelletier, n'kugunditsa khadi lake pa kamakina kaja. Kanalira bwinobwino.

"Ndalipira, achemwali. Kaya ichi mwachiona."

Mayiyo atatsika, Pelletier anamusisita Yesenia paphewa.

"Uli ndi mutu iwe. Mawa ndisaina, ndipo pakhomopo uziima ndiwe."

Yesenia anapukuta phewa lake ndi golovesi, anapukutanso, koma pomwe panagwidwapo panali potenthabe.