Maluwa a Athumani

"Nanga iyi anajambula ndani?" anafunsa Upendo Lyimo, atakweza kanga yachikasu ya nsomba ziwiri, nsalu yovala amayi ngati chitenje.

Mayi Mwanaidi Kombo, mwini fakitale yodinda nsaluzo, sanadzutse n'komwe mutu. Anali atakhala pa mpukutu wa nsalu, nsapato atavula, mapazi atatupa ndi kutentha. Fakitale yonse inkangonunkha utoto.

"Athumani."

"Ya mananaziyi?"

"Athumani yemweyo. Mwana wanga, ukufuna ndichite kukuimbira nyimbo?"

Upendo anali loya, ndipo sabata yonseyo anakhala akugwada pansi m'fakitalemo, kufunyulula kanga imodziimodzi. Kampani ina ya ku Mombasa inkafuna chilolezo chodinda kanga za Mayi Mwanaidi, koma inati ione kaye umboni woti dzina la fakitale ndi maluwa a pa nsaluzo ndi zawodi. Dzina linalibe vuto, chifukwa malemu amuna awo, a Shabani, analilembetsa ku boma. Nkhani inali pa maluwa.

"Athumaniwo anali antchito anu?"

"Antchito? Ndi alamu anga, ang'ono awo a malemu. Tinkadyera mbale imodzi. Kwanu m'bale amasainira mpunga?"

"Ndiye palibe pepala lililonse."

"Chibale ndi fupa, sichiola."

"Kukhoti fupa salandira, Mayi." Upendo anapukuta thukuta m'khosi. "Lamulo limati chojambula ndi cha amene anachijambula, pokhapokha ngati anali wolembedwa ntchito, kapena anasaina kuti wachipereka. Apa kanga zanu zonse zoyenda malonda ndi za alamu anu."

"Nanga akuba a ku msika wa Kariakoo aja, amene akudinda maluwa athu pa nsalu zopyapyala ngati ukonde? Unati tiwasumira."

"Mbuzi si yanu. Mukalira bwanji kuti yabedwa? Tipite kaye akatisainire."

Mayi Mwanaidi anayang'ana nsapato zawo kwa nthawi, kenaka anayamba kuvala.

Anakwera bajaji, njinga yamoto ya mawilo atatu yonyamula anthu, kupita ku Temeke. M'njira Mayi Mwanaidi anamufotokozera Upendo mwachidule. Kale dzina la Athumani linkalembedwa m'mphepete mwa kanga iliyonse, m'zilembo zing'onozing'ono. Tsiku lina a Shabani analamula kuti lichotsedwe, ati dzina la fakitale ndi lokwanira. Abalewo anakangana mpaka kugwirana malaya, Athumani n'kutuluka osabwereranso. Pa maliro a mkulu wake anabwera, anakhala kumbuyo, anachoka osadya.

Athumani anawapeza ali panja pa nyumba yometera, akulemba chikwangwani. Tsitsi linali litayera, ndipo nkhope anali ataiyandikizitsa pa thabwa ngati akulinunkhiza.

"Odi, alamu."

Athumani anatembenuka, anatsinzinira diso limodzi. "Mawuwo ndi a Mwanaidi. Kugwa mvula lero! Mwasochera?"

"Anasochera ndi inu. Ife tili pomwe paja."

"Pomwe paja ndi patali, alamu."

Anawakokera benchi, naitanitsa tiyi ndi zitumbuwa kwa mayi wogulitsa pafupi. Anafunsa za ana, za denga la fakitale ngati likudonthabe. Mayi Mwanaidi ankayankha mawu amodziamodzi. Potsiriza Upendo anafotokoza chimene anadzera, natulutsa mgwirizano umene anakonza.

Athumani anaubweretsa pafupi ndi mphuno, kenaka anaubweza. "Maso anatha, mwana wanga. Ng'ala. Ndimaona zilembo zazikulu ngati izi za wometayu basi. Koma usavutike kundiwerengera. Mwachedwa."

"Tachedwa bwanji?" anafunsa Mayi Mwanaidi.

"Chaka chatha, nditangotuluka m'chipatala, kunabwera mkulu wina wa ku Kariakoo. Anali ndi loya wake, waulemu ngati uyu. Anakhala pa benchi yomweyi. Ndinasaina."

"Munasainira ziti?"

"Nsomba, mananazi, masamba a mgwalangwa. Zonse zimene dzanja ili linajambula."

Mayi Mwanaidi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana Upendo.

"Ngati pepala lawolo lili bwino, Mayi, anthuwo si akuba," anatero Upendo motsitsa mawu. "Angathe kukusumirani ndi iwowo."

"Ine? Maluwa amene ndawadinda kuyambira ndili ndi mwana kumsana?" Anatembenukira kwa Athumani. "Alamu, nsalu yawoyo mwaigwirapo? Kuchapa kamodzi, nsomba zija zimasanduka phala. Ntchito yanu yonse ija mwaiponya m'ngalande."

"Sindinaione. Ndiiona ndi chiyani?" Athumani anapukuta burashi pa kansanza. "Koma adzukulu anga akuti dzina langa lilipo m'mphepete. Anandigwiritsa chala pamene lili."

Panadutsa galimoto yonyamula mchenga, fumbi linagwera m'tiyi. Palibe anaphimba kapu yake.

"Bwanji simunanditumire mawu kuti muli m'chipatala?"

"Munafunsa?"

Mayi Mwanaidi anakumbukira za dzina lija lochotsedwa pa nsalu. Atamwalira amuna awo, anaganizapo kangapo zobwezeretsa dzinalo. Nthawi zonse pankapezeka china chofulumira: makina owonongeka, utoto wochedwa kudoko, ukwati wa mwana.

"Sindinachite mokulangani," anatero Athumani. "Mkwiyo unatha kalekale, umafuna mphamvu. Munthu anabwera, anandifunsa mwaulemu, ndinavomera. Mukanabwera inu, ndikanakupatsani ulere."

"Basi, alamu. Musapitirize."

Anatsanzikana bwinobwino. Athumani anawakulungira zitumbuwa zotsala m'nyuzipepala, nawakakamiza kuti atenge.

Pobwerera, bajaji inaima pa mzere wautali wa magalimoto ku Chang'ombe. Upendo anayamba kunena kuti mwina angapemphe kuona pepala la mkulu wa ku Kariakoo uja, mwina muli polakwika, popeza wosainayo sankaona bwino.

"Kuti tikaimike nkhalamba ija m'khoti, inene kuti inapusitsidwa?" Mayi Mwanaidi anapukusa mutu. "Ayi. Sanapusitsidwe. Zichotse zonse za Athumani. A ku Mombasa uwauze zoona."

"Zotsalazo n'zochepa, Mayi. Akhoza kubwerera m'mbuyo."

"Abwerere. Ndatopa, mwana wanga." Anatseka maso pang'ono. "Ojambula awiri amene ndili nawo panopa aja, uwakonzere mapepala sabata ino. Ulembemonso kuti maina awo azikhala pa nsalu."

Kenaka anatulutsa foni m'chikwama, naimbira kapitawo wa fakitale. Anamuuza kuti atsitse zikombole zonse za Athumani pa makina, azitsuke, aziike m'chipinda chosungira katundu.

"Zonse, Mayi?" anamveka kapitawoyo. "Nanga mawa tidinda chiyani?"

"Mawa musayatse makina. Koma anthu uwauze abwerebe. Ndikufuna amve kwa ine."