Botolo Lopanda Chingwe

Tchipisi chinali chitapsa kale pachiwaya pamene Mayi Rozina Msiska anathira viniga m'kabichi wa saladi. Linali Loweruka, pa 12 Okotobala 1996, ndipo amakanika atatu a ku Biwi ankadikira pabenchi. Mayiwo anasakaniza, kenako anaima. Kabichiyo sankamveka fungo la viniga.

"Chawanangwa," anaitana mwana wawo wamkazi wa Fomu 4, "m'botolo ili muli chiyani?"

Mtsikanayo anawerenga kapepala komata pabotolopo, nkhope n'kugwa.

"Amayi, mwathira H₂SO₄."

"Ndakufunsa m'Chichewa."

"Salifiyuriki asidi, wa mabatire a adada. Viniga ndi uyo, CH₃COOH, asetiki asidi. Ndinalemba ndekha Lachinayi pokonzekera mayeso."

"Ndiye ine ndiyambe ndakhoza Fomu 4 ndisanakonze saladi?"

Amuna awo, a Laws, amene ankatchaja mabatire a galimoto kuseri kwa nyumba, anatulukira akupukuta manja. M'nyumbamo palafini, viniga ndi asidi zinkakhala m'mabotolo a Sobo pashelefu imodzi, poti a Laws sankataya botolo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi a Rozina ankazindikira la asidi ndi chingwe chofiira chomanga pakhosi pake.

"Chingwe chija chili kuti?" anafunsa mayiwo.

"Ndinachotsa," anayankha Chawanangwa. "Aphunzitsi akuti asidi amadziwika ndi dzina ndi fomula yake, osati zingwe."

A Laws ananyamula botololo n'kuliyang'anitsitsa.

"Komatu mwanayu walemba zoona. H awiri, S mmodzi, O anayi. Palibe cholakwa."

"Ndiye idyani, bambo a Chawa. Supuni iyi."

A Laws anaika botolo pansi n'kubwerera ku mabatire awo.

"Mayi, saladi uja bwanji?" anafunsa makanika wina. "Njala yatipha kuno."

"Lero mudya tchipisi chokhachokha, achimwene. Mudzandithokoza."

A Rozina anasamba m'manja katatu. Anakumba dzenje kuseri kwa bafa n'kukwirira kabichi yense kuti nkhuku zisatole.

M'mawa mwake, chitenje chimene anapukutira manja anachipeza chili ndi mabowo asanu. Anang'ambako kansalu, anamanga pakhosi pa botolo la asidi, pamwamba pa zilembo za Chawanangwa, n'kukaliika okha kuseri, pakati pa mabatire. Kapepala ka viniga anakasiya.