Kupirira kwa Tusajigwe

Luka atamumenya kachitatu, Tusajigwe anapita kuntchito atavala juzi yobisa khosi, pomwe unali mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo. Abwana ake a ku Fish Hoek, komwe ankasesa ndi kuchapa, anamuyang'ana kawiri koma sanafunse kanthu.

Luka ndi Tusajigwe kwawo kunali ku Karonga. Anamanga ukwati woyera ku parishi ya kwawoko, ndipo mu 2014 anatsikira limodzi ku Cape Town, n'kupeza kanyumba ka malata ku Masiphumelele. Luka anali mmisiri womanga nyumba. Ntchito itamuthera, maganyu n'kumapezeka mwa apo ndi apo, anayamba kuswera ku shabini. Chilichonse chinkamupsetsa mtima: ndiwo zikachepa mchere, foni ya mkazi ikalira, minibasi ikachedwa panjira. Akamamenya ankanena kuti mutu wa banja ndi iye, ndipo ngakhale kutchalitchi amaphunzitsa zomwezo.

Kupolisi Tusajigwe ankaopako, chifukwa chitupa chake chokhalira m'dzikomo chinali chitatha. Choncho anakadandaula kwa a Mwiza, mayi wamkulu wa mu mphakati wawo wa kutchalitchi, amene Amalawi a kumeneko ankathamangirako banja likavuta. Anawaonetsa mabala, n'kuwaululira kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu.

A Mwiza chisoni anamva ndithu, mpaka anamuthowa pamsana ndi madzi ofunda. Atatha anamukhazika pampando.

"Mwana wanga, unalumbira pa guwa, ndipo ukwati woyera sutha," anatero. "Ukangotuluka m'nyumbamo, za Ukaristia uiwale. Mkazi ndi kugonja. Bwerera, uzikapemphera, mwamuna amasintha."

Tusajigwe anabwerera. Anayamba kulankhula motsitsa mawu, foni n'kumaizimitsa akamalowa m'nyumba. Koma Lamulungu lina masana, Luka anamuona akutsanzikana ndi bambo wina wa m'kwaya pochokera ku Misa. Atangolowa anatseka chitseko, n'kumugwetsera pansi, n'kumuponda pamimba. Anansi awo achikhosa atamva kukuwa anathyola chitsekocho ndi kuitana ambulansi. Luka anathawa. Mwana wa m'mimbayo anali wamkazi, ndipo sanapulumuke.

Patapita masiku atatu, m'wodi ya kuchipatala momwe Tusajigwe anagonekedwa munalowa Sisitere Chiedza, amene ankayendera odwala Lachitatu lililonse. Anabadwira ku Harare koma makolo awo anali a ku Dedza, moti Chichewa chawo chinkamveka Chishona apa ndi apo. Tusajigwe anawafotokozera zonse. Kenaka anafunsa ngati Mulungu angamukhululukire, poti mwina iye ndi amene sanagonje mokwanira.

Sisitere anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anamuuza kuti a Mwiza ananena mbali imodzi yokha. N'zoona kuti Mpingo umaphunzitsa kuti ukwati sutha, koma umaphunzitsanso kuti mwamuna ndi mkazi ulemu wawo ndi wofanana pamaso pa Mulungu. Umutu wa mwamuna ndi wodzipereka chifukwa cha mkazi wake monga anachitira Khristu, osati wa zibakera. Ndipo malamulo a Mpingo amalola munthu amene moyo wake uli pangozi m'banja kuti apatuke, akakhale kwina.

"Kupatuka si kuthetsa ukwati ayi," anatero Sisitere. "Mukanachoka tsiku loyamba lomwelo, palibe wansembe akanakumanani Ukaristia."

Tusajigwe anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Ndiye kuti mwana wanga akanakhala moyo?"

Sisitere anangomugwira dzanja, iye n'kulira mpaka mawu kutha.

M'masiku otsatira, Sisitere anamupezera malo kunyumba yosungirako amayi ozunzidwa, ndipo analonjeza kumuperekeza kukhoti kuti akatenge chikalata choletsa Luka kumuyandikira. Anakafotokozeranso Bambo mfumu, amene anaitana alangizi onse a mabanja a m'parishimo kuti awaphunzitse bwino nkhaniyi. A Mwiza anali pomwepo, ndipo msonkhano wonse sanadzutse mutu.

Tsiku loti Tusajigwe atuluke m'chipatala, a Mwiza anabwera ndi tiyi wa m'fulasiki. Anaima kumiyendo kwa bedi, osadziwa poyambira. Kenaka anakweza mpango wawo pang'ono, n'kuonetsa chipsera chakale chodutsa pamwamba pa khutu.

"Inenso anandiuza zomwe ndinakuuza zija," anatero. "Zaka makumi awiri, palibe amene anandiuzapo zina."

Tusajigwe anayang'ana chipseracho. Tiyi analandira, koma sanathe kumwa.

Phunziro: Lumbiro la ukwati si chilolezo chozunzira mnzako. Amene moyo wake uli pangozi achoke msanga ndi kupeza thandizo. Mpingo sumutsekera khomo. Ndipo inu olangiza mabanja, yambani mwadziwa chiphunzitso chonse musanabweze munthu kunyumba imene akumenyedwako.