Adyo wa Kuseri kwa Nyumba

Ndinabwera ndi kachikwama kamodzi, zovala za milungu iwiri. Amayi anali atagwa m'bafa, mkono ndi mwendo wakumanja n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Achimwene anaimba foni: "Iwe ulibe mwamuna, ulibe mwana, pita ukaone kaye." Kuona kayeko kunatha miyezi isanu ndi iwiri, iwo osapondako ngakhale tsiku limodzi.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Zenera la kuchipinda kwa amayi limayang'ana kuseri, komwe kuli mabedi anayi olimapo ndi matayala akale odzaza dothi. Pamenepo ndi pomwe amayi alima adyo zaka makumi atatu. Ine tsiku langa linali lomweli lomweli: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuchapa nsalu, kuwadyetsa ndi supuni, kuchapanso nsalu. Kugeti ndinkafikako pokataya zinyalala basi. Ndinatopa, ndisaname. Masiku ena ndinkawakwiyira amayi anga ondibereka chifukwa choti apempha madzi akumwa.

Ntchito yanga ndi utelala, kutauni ina, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Abwana anandiuza mosapita m'mbali kuti makina anga andisungira mpaka nyengo ya mayunifomu a sukulu. Ikafika ine kulibe, pampando panga pakhala wina.

Njira inaoneka kudzera mwa mayi a lesitilanti ya tsidya la msewu, anzawo a amayi a kalekale. Anabwera kudzawazonda, n'kundiuza kuti, "Mwanawe, adyo wa amayi akowa ndiye amandiitanira makasitomala. Iwe lima. Ukandipatsa matumba awiri ngati kale, chakudya chawo ndiziwapatsa ine chaka chonse, ndipo mng'ono wanga azidzakhala nawo pano. Iwe uzipita kuntchito."

Ndinatsala pang'ono kuwagwadira. Tinapangana zonsezi titaimirira m'mbali mwa bedi, amayi akungoyang'ana kudenga.

Vuto linali loti ine kulima sindidziwa. Ndinatsitsa mitu ya mbewu yomwe inali pamsomali kukhitchini, ndinaiswa, ndinapita nayo m'beseni kwa eni ake. Mutu wa adyo uli ndi zigawo zakunja zonenepa, ndi tam'kati toonda ngati chikhadabo.

"Amayi, ndibzale ziti?"

Anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. Kenako analoza ndi dzanja lamanzere. "Tating'onoto. Zazikuluzo n'zodya."

Ndikanatsutsa bwanji zaka makumi atatu? Ndinabzala toondato, kansonga kuyang'ana kumwamba monga anandiuzira, ndipo zonenepazo tinazithera mu ndiwo.

Adyo ameneyo ndinamulera kuposa khanda. Kuthirira, kuzulira udzu ndi zala, kuthamangitsa nkhuku za aneba mpaka kudana nawo. Tsamba lililonse latsopano ndinkaliona ngati basi ikuyandikira. Koma masambawo anali oonda, ofooka, osafika ngakhale m'bondo. Nditafunsa, amayi anati, "Amatero." Ine kupusa, ndinakhulupirira.

Masamba atauma theka ndinatenga kakhasu. Mutu woyamba unatuluka ngati chala changa chachikulu. Ndinati mwina ndi wam'mphepete. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinafukula mabedi onse anayi, ndinagubuduza matayala, ndinasefa dothi ndi manja ngati ndataya ndolo. Zonse pamodzi sizinadzaze beseni lomwe lija.

Ndili chikhalire padothi, mayi a lesitilanti analowa akukankha wilibala, matumba awiri atawapinda bwinobwino. Anaima. Anatola kamutu kamodzi, anakaswa ndi chala.

"Unabzala zigawo ziti?"

"Tam'kati."

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Amayi."

Anayang'ana zenera lija, n'kutsitsa mawu. "Amayi ako ndi amene anandiphunzitsa ine kuti kagawo kakang'ono kamabereka kamutu kakang'ono. Munthu umabzala zonenepa, umadya zoonda. Chaka china nditalakwitsa anandiseka mwezi wathunthu." Anapukuta manja pa epuloni. "Mwina ndi matendawa, mutu wasokonekera."

Mutu wake uti? Munthu amene amandikumbutsa yekha kuti piritsi loyera ndi lam'mawa, lofiira ndi lamadzulo?

"Pepa mwanawe," anatero. "Ine kuwazonda ndizibwerabe. Koma mng'ono wanga sangasiye zake chifukwa cha beseni ili." Anatembenuza wilibala yawo n'kumapita, matumba ali chipindire.

Ndinanyamula beseni osasamba n'komwe m'manja, ndinakaliika pabedi, pamiyendo pawo penipeni, dothi n'kuyoyokera pansalu yomwe ndinachapa m'mawa womwewo.

"Amayi, munasokoneza?"

Ndinkafuna anene kuti eya. Akanatero ndikanalira, n'kuwakhululukira pomwepo.

"Sindinasokoneze."

Mawu awo chidwalireni amatuluka movutikira, koma awa anamveka bwinobwino.

"Ndiye bwanji? Mukudziwa kuti ntchito yanga ikupita? Miyezi yonseyi mumandiyang'ana pazenera apo ndikuthirira, muli chete?"

"Munapangana ine ndili pompano." Anapumira. "Ngati thumba la makala. Sunandifunse."

"Ndikanakufunsani mukanavomera?"

"Ayi." Diso lakumanja, lomwe silitsekeka bwino, linayamba kuchucha. "Mng'ono wakeyo sindimudziwa. Azindivula mlendo? Azindipukuta mlendo?"

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zoti mwana sauza kholo lake. Ndinawauza kuti mwana wawo wamwamuna, yemwe chithunzi chake chili pakhoma atavala tayi, sanawapukutepo ngakhale pakamwa. Ndinawauza kuti anditsekera m'nyumba muno ngati nkhuku yoyembekezera mpeni. Ndinatuluka n'kuimbira achimwene, ndipo atamva zonse anati, "Nkhani yake ya adyo? Pirira kaye, tiona." Ndinadula foni asanamalize.

Pafoni pomwepo panali uthenga wa abwana, wa dzulo lake, umene ndinkati ndiyankha ndikakolola. Unati nsalu za mayunifomu zafika, Lolemba tiyamba, ukubwera? Ndinaimirira pageti ndikuuwerenga kangapo. Basi inadutsa, kondakitala n'kundikodola, ine n'kupukusa mutu. Ndinalemba kuti, "Ikanipo wina."

Nditabwerera kuchipinda ndinapeza amayi akusanthula m'beseni ndi dzanja lawo limodzilo. Anali atapatula timitu khumi ndi tiwiri, tokulirapo pa tonse, atatindandalika pabulangete.

"Iti usadye," anatero osandiyang'ana. "Ndi mbewu. Ulendo uno udzabzale zakunja."

Adyo amatenga miyezi isanu ndi umodzi m'nthaka, ndipo nyengo yobzala inali isanafike n'komwe. Tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Ndinatsegula kachikwama kanga, ndinatulutsa ulusi wakuda womwe ndinabwera nawo kuchokera kushopu, ndinamanga timituto pamodzi n'kukatipachika pamsomali paja. Kenako ndinateleka madzi, chifukwa nsalu ya amayi inali itanyowanso.