Lamba wa Sikuta

Mainess anafika pakhomo akukankha sikuta, thukuta lili kamukamu, bokosi la buledi kumbuyo likadali lodzaza. Inamufera pafupi ndi msewu wa Kafue dzuwa lili paliwombo. Injini inkalira bwinobwino, akapotokola mafuta inkachita kukuwa, koma tayala lakumbuyo linkangonjenjemera osapita patsogolo.

Mwamuna wake, Dingani, anali gone pamphasa mumthunzi wa khoma, atafunda bulangete kukutentha choncho. Sikutayo inali yake. Ankaikwera ali mesenjala pakampani ya boma, ndipo kampaniyo itagulitsidwa, anthu n'kuchotsedwa ntchito, anamusiyira ngati chomutsazikira. Chifuwa chitamugwetsa, Mainess anaphunzira kuikwera n'kumagawa buledi m'timagolosale ta m'makomboni a Chawama ndi Kuku. Iwo awiri ndi mwana wawo Tiwo ankadyera pa matayala awiri amenewo.

"Yafa, batate ba Tiwo," anatero Mainess. "Ilira chabe, siyenda."

"Chamene chikali kulira sichinafe," anayankha Dingani. "Imikani pa sitandi, muilize nimve."

Mainess anaiimika, tayala lakumbuyo lili m'mwamba, n'kuiliza. Dingani anatsinzina, khutu lili tcheru. Tayala linazungulira mwaulesi kenaka n'kuima, injini ikubangulabe. Pabwalo panamveka fungo la labala wopsa.

"Zimani. Bweretsani masipanala."

Anadzikoka mpaka pafupi ndi chivundikiro cha kumanzere, naika sipanala pa bawuti yoyamba. Anakoka, bawuti osasuntha. Anakokanso ndi dzanja lake lowonda ngati bango, mpaka chifuwa chinamugwira n'kumupinda pakati. Chitamusiya, anapatsa mkazi wake sipanala osamuyang'ana kumaso.

Mainess anamasula mabawuti onse. Atachotsa chivundikirocho munatuluka fumbi lakuda ngati la makala.

"Matenda yake yangakhale mu lamba kapena mu kilachi," anatero Dingani akupuma movutikira. "Koma ikakhala giyabokosi, ndiye kuti ni maliro. Zungulizani tayala na manja. Mukumva kukukuta?"

"Kulibe."

Anamuuza kuti adonthetsere mafuta a m'giyabokosi pachala, awayang'ane padzuwa ngati muli tizitsulo tonyezimira. Munalibe. Anamulozera kilachi, ndipo ataisuzumira anati sinadyeke, ikadali ndi nyama. Potsiriza Mainess anasolola lamba uja amene amatenga mphamvu ya injini kupititsa kutayala. Anali atang'alukang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, m'mbali atalala, akuterera.

"Ni lamba chabe," anatero Dingani. "Mu sutikesi pansi pa bedi muli wina watsopano."

Mtima wa Mainess unakhala pansi. Koma asanadzuke kuti akamutenge, kuseri kwa nyumba kunamveka odi. Anali a Goliati, akulu ake a Dingani, ochokera ku Matero, nthochi zili m'kapulasitiki. Chigonereni Dingani, a Goliati anali atayamba kubwerabwera. Wodwala ankamulonjera ndi pakamwa, maso ali pa sikuta. Mainess ankakumbukira bwino maliro a msuweni wawo kukomboni ya George: a Goliati ndiwo anatsogolera abale kusesa nyumba, mayi wamasiye n'kutsala ndi mphasa ndi poto mmodzi.

"Bamulamu, mwaitumbula?" anafunsa a Goliati akuseka. "Ivi ni vinthu va banja, vifunika kusamala."

"Yatha, bakulu," anayankha Dingani ali chigonere. "Giyabokosi yaphwanyika mano yonse. Na sipeya yake mu Zambia muno mulibe."

Mainess anatsegula pakamwa, koma atakumana ndi diso la mwamuna wake anatsekanso. A Goliati ananjuta n'kupisa chala m'fumbi muja, ngakhale sankadziwa chimene ankayang'ana. Anapukuta chalacho pampando wa sikuta.

"Ninakamba ine kuti mashini na mukazi siviyendelana. Chibale ni fupa, sichiola, nikanathandiza. Koma ichi manje ni chitsulo chotaya."

Anagunda tayala ndi nsapato, anakhala pang'ono kudandaula za mtengo wa ufa, kenaka anati minibasi ziwavuta, natsanzika.

Mapazi awo atazilala, Mainess anatembenuka. "Mwanamiziranji bakulu banu?"

"Tengani lamba uja."

Anamutenga. Dingani anamuuza pofinya, pokoka, ndi polowetsa, mpaka lamba anakhala m'malo mwake. Mainess anatambasula dzanja kuti ailize.

"Musailize, baneba bangamve. Manje muchotseni."

"Nimuchotse?"

"Muchotseni, mumuikenso. Nifuna manja yanu yazibe, chifukwa tsiku lina muzaika mulibe wokuuzani."

Mainess anachita zimene anauzidwa, kuika ndi kuchotsa, mpaka zala zinayamba kupeza njira zokha. Dzuwa linali litapendeka. Dingani anamuuza kuti amukulunge lambayo akamusungitse kwa mkulu wake wa Mainess ku Kuku, sikutayo aisiye chitumbulire pakhonde, aliyense wodutsa aziona.

"Nanga buledi?"

"Muzisenza pamutu. Sivizatenga nthawi yaitali."

Apo m'pamene Mainess anamva chimene mwamuna wake ankanena. Anakhala pansi pafumbi, lamba ali pamiyendo.

"Musakambe choncho, batate ba Tiwo."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bamake Tiwo. Munaona mweka vamene banachita ku George. Chinthu choyenda bazakwerapo na kupita nacho anthu bakali kumanda. Chitsulo chakufa bazakusiyirani. Bakachoka, muzaika lamba, mwana azadya."

Mainess anafuna kukana. Kumvera kunali ngati kuvomereza kuti munthu amene akupuma pamphasapo wapita kale. Anaganiza zomanga chivundikiro, ailize, Chawama yense amve kuti pakhomopo palibe chakufa. Koma anayang'ana khosi la Dingani, mitsempha ili poyera, ndipo anayamba kukulunga lamba uja.

"Mawa ni tsiku lanu la ku kiliniki," anatero Mainess. "Nizakunyamulani pa chani?"

"Mukabwereke wilibala."

Kutacha, Mainess anabwereka wilibala kwa mayi wogulitsa makala. Anaitsuka, anayalamo bulangete, n'kumukhazikamo mwamuna wake. Anamunyamula yekha, sipanafunike wothandiza. Lamba anali atamumangirira m'chiuno, mkati mwa chitenje, kuti pobwerera adzere ku Kuku.

Anatuluka naye pang'onopang'ono, akupewa miyala. Pampopi panali amayi pamzere ndi zigubu zawo, ndipo anasiya macheza atawaona. Mmodzi anafunsa chapansipansi kuti nanga sikuta ija yatani.

"Yatha," anayankha Mainess.

Misozi inali ikutsika yokha, ndipo panalibe amene anakayika. Amayiwo anasuntha zigubu, wilibala inadutsa.