Nsalu Yomwe Chiswe Chinakana

Rasmata ankapeta mapira kuseri kwa nkhokwe pamene mlamu wake Pogbi analowa m'bwalo akuwefuka.

"Alamu, mukadali pa lichero? Zanu zayera! Alangizi afukula nsalu zija. Yanu yatuluka nsanza zokhazokha, ngati buluku la wamisala. Koma ya Talato, aaa! Mukhoza kusokera khanda malaya."

Mvula itangoyamba, Mayi Habibou, mlangizi wa zaulimi, anakwirira kansalu koyera ka thonje m'munda uliwonse n'kuzika kamtengo pamwamba. Anati nthaka yamoyo imadya nsalu, chifukwa mumakhala chiswe, nyongolotsi ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Nthaka yakufa imabweza nsalu monga inalowera. Noaga, mwamuna wa Rasmata, amene ankagawira amayi onse a pabanjapo timinda tawo, ananeneratu kuti wopha nthaka adzamulanda kamunda kuti kagonere zaka ziwiri.

"Ndiye achimwene anu akuti bwanji?" anafunsa Rasmata, maso ali pa lichero.

"Anena ziwiri iwo aja? Alanda. Koma ine zandizunguza mutu. Talato amasenza zitosi za mbuzi mpaka khosi kufupika, chiswe n'kumukana? Paja amati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Kapena chinakonda inu chifukwa simupondako!"

Pogbi anaseka n'kudutsa. Rasmata anatula lichero, nkhuku n'kuyamba kujompha mapira iye akungoziyang'ana.

Talato anali mkazi wamasiye wa mng'ono wake wa Noaga. Kamunda kake ndi kamene kankapatsa ana ake atatu mtedza ndi therere. Iye ankakumba mayenje nthawi ya dzuwa, n'kuthiramo manyowa kuti chiswe chibwere chiboole nthaka. Rasmata, kwa zaka zitatu, ankazula mapesi onse a m'munda mwake, ena kuphikira, ena kuwotcha kuti apange chidulo. Nthaka inatsala yosalala ngati chipande.

Lachisanu lapitalo, amuna ali kumzikiti, Rasmata anapita kukafukula nsalu yake. Anaipeza yathunthu. Anaganiza za mmene akazi anzake adzamusekere pachitsime, iye mkazi wamkulu wa pakhomo. Anadumpha mzere wa miyala wolekanitsa minda, n'kufukula ya Talato. Inali yodyekadyeka, yonunkhira dothi lonyowa. Anasinthanitsa, n'kufafaniza mapazi ake ndi nthambi. Ankadziuza kuti Noaga sangalande munda wa mkazi wamasiye.

Pogbi atachoka, nthawi ya swala ya masana itakwana, Rasmata anasamba m'manja, anayala mkeka, anaimirira. Mawu a pemphero amene ankawadziwa kuyambira ali mwana anakana kutuluka.

Ali chiimire choncho, anamva madzi akukhuthulidwa mumtsuko wake. Anali Talato. Chiyambire bondo la Rasmata kuvuta, iye ankamutungira ndowa imodzi tsiku lililonse, osatchula n'komwe.

"Akulu, ndamva kuti nthaka yanu ili bwino. Mulungu aidalitse."

"Nanga iwe, mng'ono wanga, utani?"

"Ndizikathandiza m'minda ya ena." Talato anapukuta manja pansalu yake. "Chondiwawa si munda. Bambo a ana anga anausiya ukubereka. Ine ndaupha, ndipo sindikudziwa kuti ndinalakwitsa pati."

Ananyamula ndowa yake n'kutuluka mwakachetechete.

Dzuwa litapendeka, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa pabwalo. Mayi Habibou anayala nsaluzo pamphasa, iliyonse pafupi ndi mwini wake. Anatenga ya pafupi ndi Talato, naitembenuzatembenuza.

"Iyi yokha sindikuimvetsa. M'munda muja khasu likungolowa lokha, ndipo ndawerenga nyongolotsi khumi ndi ziwiri m'dzenje limodzi."

"Nsalu sinama," anatero Noaga. "Munatiuza nokha."

Mlangizi anakweza nsanza zija m'mwamba. "Mayi Rasmata, imani muuze anzanu chimene mumadyetsa nthaka yanu, kuti chaka chamawa onse achite chimodzimodzi."

"Tiuzeni, alamu, nafenso tigone kunyumba chiswe chizitilimira!" anakuwa Pogbi, amayi n'kuphulika chiseko.

Rasmata anadzuka movutikira. Anayang'ana mwamuna wake, amene nkhope inali itawala ndi kunyada, kenaka Talato, amene ankawomba nawo m'manja mofatsa. Sanapite pamene panaima mlangizi. Anatsimphina mpaka pamaso pa Talato, nagwada, bondo lodwala lija n'kulira.

"Akulu, dzukani, mudzipweteka!"

"Ndisiye." Anatembenukira kwa Noaga. "Bambo, munda wolanda ndi wanga. Nsanza izo n'za Talato. Ndinasinthanitsa ndine, Lachisanu, inu muli kopemphera."

Chiseko chinazima. Rasmata anagwira mapazi a Talato ndi manja onse awiri, nakweza mawu kuti ngakhale okhala kumbuyo amve.

"Sunaphe munda wa bambo a ana ako. Ndikanakuphera ana ndi njala ndine, pothawa kusekedwa. Pamaso pa Mulungu ndi pa anthu awa, Talato, mng'ono wanga, undikhululukire."