Mphindi Ziwiri za Kaputeni Kolapo

Kampani ina ya mafilimu inatulutsa magawo asanu ndi awiri a nkhondo zake za kuthambo isanaganize kuti kumeneko kungapezekenso munthu wakuda. Zilombo za maso atatu zinalimo, zolankhulira m'mphuno zinalimo, koma nkhope yakuda inawakanika kuiganizira. Pofika gawo lachisanu ndi chitatu manyazi anawagwira, ndiye anatola Kolapo, mwana wa ku Ibadan amene anatha zaka khumi ndi chimodzi ku London akusewera ngati mlonda, wakuba, ndipo kawiri konse ngati mtembo.

Anamupatsa malo a kaputeni wa chombo, ndipo anajambula miyezi inayi. Pa zikwangwani zotumiza ku Africa nkhope yake inaposa ya mzungu mwini filimu. Pa za kwina anali kakang'ono pakona, ngati ntchentche yatera papepala. Kolapo anaziona, nkungomeza malovu. Iye chake chinali chimodzi: mayi ake, amene analira sabata yathunthu iye atasiya sukulu ya zamalamulo, aone nkhope ya mwana wawo pa chinsalu chachikulu. Filimu yomalizidwayo anali asanaione. Anangomuuza pa foni kuti adulako pang'ono.

Kolapo atabwera kwawo, Loweruka lina masana amake anatenga holo yonse ya kanema ku Ibadan. Abale ndi amayi a kutchalitchi anadzaza mipando, onse atasoketsa nsalu imodzi. Koma mayi wa mwini mwambo salowa msanga ngati wodzayala mipando, choncho iwo anali asanafike. Makina nawo sadziwa wamkulu. Nthawi itakwana magetsi anazima, filimu nkuyamba.

Patapita mphindi zochepa chitseko chinatseguka, ng'oma zinalowa, pambuyo pake mayi aja, duku lawo lotalika kufuna kukhudza denga. Holo yonse inatembenuka. Akazi anagwada. Kolapo anachita zimene mwana aliyense wa Chiyoruba amachita: anagona chafufumimba pakati pa mipando, chifuwa pansi, suti ya ku London ndi yonse. Mayi ake anamugwira pamutu nkuyamba kutchula mayina otamanda mtundu wawo, kuyambira agogo a agogo, osadumpha ndi mmodzi yemwe.

Ali chigonere, mphuno ili pa kapeti wonunkha mbuliwuli, anamva mawu ake omwe akutuluka m'zokuzira mawu.

"Thawani, bwana, ine ndiwatchinga!"

Kenako chiphokoso cha chombo chikuphulika. Malo amenewo ankawadziwa, anayenera kukhala kumapeto kwenikweni. Koma mwana sadzuka kholo lisanamalize, ndipo mayi ake anali adakali pa agogo achitatu. Pamene ankadzuka, mzungu uja anali atagwetsa kale msozi wake umodzi nkupitiriza ulendo. Miyezi inayi ija inathera pomwepo, popanda wachibale ndi mmodzi yemwe woyang'ana kutsogolo.

"Kola, ukamatulukira undigwedeze," anatero mayi ake atakhala pambali pake. "Maso angawa satha mdima."

"Chabwino, amayi."

Ola linatha. Azungu anapulumutsa dziko lina, nkukangana, nkupsompsonana. Malume ake a Kolapo, a Fatai, anasuzumira kuchokera kumbuyo.

"Iwe kaputeni, chombo chako chathera mafuta panjira? Kapena kuthambo nakonso akukaniza chitupa?"

Ena anaseka. Mayi ake sanaseke.

"Achimwene, khalani chete. Wamkulu amalowa pomalizira, simunandione ine?"

Kolapo anamva chisoni chosaneneka, ndi mkwiyo umene analibe pokautula.

Chakumapeto kunatulukira chilombo chachitali cha mutu wa buluzi, chitasenza katundu wa mzungu uja. Mayi aja anadzambatuka.

"Uyo! Uyo mwana wanga! Taonani mayendedwewo, ngati malemu bambo ake!"

Nthungululu zinang'amba holo, ng'oma nazo zinayambiranso. Kolapo ankamudziwa bwino amene anali m'kati mwa buluziyo. Anali Garang, mnzake wa ku South Sudan, amene anasewera m'magawo asanu a filimuyi popanda woona nkhope yake, munthu amene pa nkhomaliro ankamwa supu ndi kapaipi chifukwa chigoba sichinkatseguka kukamwa.

Mayi ake anamugwira dzanja mwamphamvu. Misozi inali mbwembwembwe.

"Akuphimba kumaso anthu opanda ulemuwa, koma ine ndinakubereka. Ndiwe, eti?"

Kolapo anayang'ana buluziyo akugwadira mzungu.

"Ndine, amayi."

"Ndiye wakhaliranji? Imirira anthu akuone."

Anaimirira.